Okishoni ya zodzoladzola pa foni: mmene imayendera kuno kwathu ndi pomwe ambiri amapunthwa

Sabata yathayi kunabwera mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu kuno ku Ulongué, anandipeza pakhonde ndikumanga timajumbo ta makasitomala, nde akuti achemwali ine ndakhala ndikuona mmene anthu amalimbiranira pefyumu pa gulupu yanu ija Lachisanu madzulo, nane ndikufuna ndiyambe, si kungotsegula gulupu nkuponyapo zithunzi basi? Ndinamukokera mpando ndinati khala kaye pansi mng'ono wanga, ndipo zomwe tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka ndi zomwe ndikulemba panozi chifukwa ndikudziwa kuti si yekha, alipo ambiri ku Moatize, ku Tete mtauni, ku Furancungo, ku Tsangano amene akuona ngati okishoni ya pa foni ndi ndalama yongotola.

Pogulitsa mwa masiku onse iwe mwini katundu ndi amene umatchula mtengo, wogula nkumanenerera kuti utsitse. Pa okishoni zimatembenuka, iwe umangoika poyambira, ogula ndi amene amakwezerana okhaokha mpaka nthawi ikwane, amene watchula zambiri watenga. Pachipwitikizi ndi leilão, ndipo mtengo uliwonse umene munthu waponya amati lance, mawu amenewa muwamva kwambiri pa magulupu a ku Tete mtauni. Abale athu a tsidya la malire ku Dedza ndi ku Ntcheu mawu akuti okishoni anakula nawo chifukwa cha fodya wa ku Kanengo, koma kuno fodya amayenda pa kontirakiti ndi kampani, nde ambiri a ife okishoni taidziwira pa foni pomwepa. Kunjaku inayamba kale, eBay, msika wa okishoni wa pa intaneti, inatsegulidwa mu 1995 ku America ndipo mpaka lero anthu akugulitsirapo, kungoti imafuna khadi la ku banki ndi positi yofika pakhomo, zomwe sizikugwirizana ndi mmene timakhalira kuno. Yathu ndi WhatsApp, Facebook, ena laivu ya pa TikTok, ndalama nkudutsira pa M-Pesa kapena e-Mola, katundu nkukwera chapa, minibasi zathu zija.

Okishoni ilipo ya mitundu ingapo, yokwera mtengoyo ndi imene aliyense amaidziwa. Iliponso yotsika, ngati mmene amagulitsira maluwa ku Netherlands, umayambira pamwamba nkumatsitsa pang'onopang'ono, woyamba kulemba kuti ndatenga ndi wake, ndipo imakoma pa laivu chifukwa munthu amaopa kudikira kwambiri kuti mnzake angamulande. Yachitatu ndi ija amati aliyense atumize mtengo wake ku inibokosi mwachinsinsi, ine imeneyo sindiifuna ngakhale pang'ono, palibe amene akuona zomwe zikuchitika ndipo ngakhale uchite chilungamo chotani woluza amatsala ndi maganizo oti unapatsa mnzako.

Chimene ndinamuuza mtsikanayu koyambirira ndi ichi, mtengo sukwera chifukwa choti waika katundu pa okishoni ayi. Umakwera pakakhala anthu awiri kapena kuposa amene chinthucho akuchifunadi, ndipo onse akukhulupirira zinthu ziwiri, kuti katunduyo ndi weniweni, komanso kuti amene akupikisana nayeyo ndi munthu weniweni woti alipira. Chimodzi mwa ziwirizi chikangogwedezeka anthu amakhala chete, amangowerenga nkumadutsa, gulupu ya anthu 300 nkukhala zii ngati kumanda. Zina zonse zomwe ndinene mmunsimu zikuchokera pamenepa.

Nde si katundu aliyense woyenera okishoni. Vaseline, glisirini, sopo wa masiku onse, loshoni imene ili pa banka iliyonse mumsika, ameneyo gulitsani pa mtengo wake basi, palibe munthu angapikisane pa chinthu choti atha kutuma mwana kukagula pa kona. Zomwe zimayenda ndi zosowa, pefyumu ya ku Dubai imene yangobwera mabotolo awiri okha, seti ya mabulashi, bokosi la mitundu ya mmaso, wigi yabwino, faundeshoni ya mtundu wa khungu lakuda lenileni imene mmashopu muno siipezekapezeka, kapena thumba limene wasonkhanitsa wekha la mkwatibwi, muli phawuda, lipisitiki, kyuteksi ndi kapefyumu kakang'ono. Thumba lotere ndi labwino chifukwa munthu sangapite kumsika nkukafunsa kuti ichi ndi zingati, mtengo wake uli mmaso mwa wochifunayo. Ndipo musamaike zambiri tsiku limodzi, ine ndimaika zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chifukwa ndalama za anthu a pa gulupu ndi zomwezo, ukaika zinthu 20 aliyense amapeza chake popanda wolimbana naye, zonse nkupita pa mtengo woyambira.

Tsopano masamu, apa mpamene ambiri amalirira. Tiyerekeze pefyumu wapikula pa 600 meticais. Sikuti yakudyera 600 ayi, pali gawo lake la thiransipoti yokapikulira kapena ya amene wakubweretsera, tinene 60, pali mamega amene ukhale ukuwotcha pojambula ndi kuyankha anthu, jumbo, tepu, tinene 40, pali ndalama imene amadula ukamatapa kwa ejenti, tinene 20. Yafika 720 usanapeze kalikonse. Wina amaona anzake akuyambira pa 100 kuti anthu atengeke, naye nkuyambira pa 100, tsiku limenelo netiweki nkuvuta kapena kwagwa maliro anthu ali kumeneko, pefyumu nkuthera pa 400, nde atani? Akapereka waluza 320, akakana wadzipha yekha chifukwa mawa palibe amene adzaponye mtengo. Ku eBay kuli njira yoika mtengo wobisika woti ukapanda kufikidwa katundu sagulitsidwa, koma kumeneko makina ndi amene amasunga nambalayo wogulitsa sangaikweze anthu akayamba kuponya mitengo, pomwe pa WhatsApp mtengo wobisikawo uli mmutu mwako, nde anthu adziwa bwanji kuti sunaupange utaona kuti zavuta. Ine ndimayambira pa ndalama imene nditha kuvomera ndi mtima woyera, pa chitsanzochi ndi 800, ndipo ndimalemba kuti kukweza kulikonse ndi 50 kapena kuposa, kuti pasakhale zija wina 801 wina 802 mpaka usiku. Ikathera pa 800 pomwepo ndapezabe kangachepe, ikafika 1200 ndathokoza Mulungu. Ndipo mpamba wake usakhale wa katapira chonde, bola wa chipereganyu, chija kuno timati shitiki, chifukwa okishoni sabata ina imabala sabata ina ayi, pomwe chiwongoladzanja sichidikira.

Malamulo amalembedwa okishoni isanayambe ndipo sasinthidwa pakati. Lalikulu ndi la nthawi yotsekera, ndipo uyenera kunena kuti wotchi yake ndi ya foni yako iweyo, chifukwa mauthenga a pa WhatsApp safika nthawi imodzi pa mafoni onse, wina ali ku Dómuè netiweki ikudukaduka atha kulemba 19:59 uthenga nkudzalowa 20:03, pa foni yake akuoneka kuti ndi iye womaliza pomwe kwa ena onse sizili choncho. Chimene ndimachita ine, nthawi ikangokwana ndimasintha gulupu kuti olemba akhale ma adimini okha, ndijambule sikirinishoti ya mitengo yomaliza, nditumize pagulu pomwepo aliyense aone, kenako nditsegulenso. Dziwaninso kuti WhatsApp imalola munthu kusintha uthenga wake mkati mwa mphindi 15, imalolanso kuufufuta, nde alipo amene amalemba 1500 kuti aopseze anzake asiye, kumapeto nkusintha kukhala 1050 kapena kufufuta kumene. Lamulo langa ndi loti uthenga wosinthidwa suwerengedwa, ndipo wofufuta mtengo wake apuma masabata awiri. Pa Facebook vuto ndi lina, ndemanga siziikidwa motsatana ndi nthawi pokhapokha usankhe wekha kuti zatsopano zikhale pamwamba, ndipo pa laivu zomwe ukunena zimawafika anthu patadutsa timasekondi, iwe ukuti ndatseka wina kwake akumva ukuti ndani winanso. Nde umawerenga mofatsa, kamodzi, kawiri, udikire pang'ono, kachitatu.

Palinso aja amabisala mpaka mphindi yomaliza nkuponya 50 pamwamba kuti mnzawo asapeze mpata woyankha. Si kuba, ndi nzeru zawo, koma zimakhumudwitsa amene wakhala akulimbikira kuyambira masana. Mankhwala ake ndi osavuta, wina akaponya mu mphindi ziwiri zomaliza timaonjezera mphindi ziwiri zina, mpaka pakhale bata.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndinamugwira dzanja mtsikanayu pomuuza. Usadzayerekeze kuuza msuweni wako kapena mnzako kuti azikweza mtengo mwabodza kuti ena atengeke, kaya kutsegula nambala yachiwiri ya iwe mwini. Ambiri amachita, ndipo sabata zoyambirira zimaoneka ngati zikuyenda, koma Ulongué ndi tauni yaing'ono, Moatize chimodzimodzi, anthu amaona kuti nambala iyi imakweza sabata iliyonse koma mwiniwake sitinamuonepo atanyamula katundu, kapena pefyumu imene akuti inagulidwa Lachisanu yabweranso pa okishoni sabata yotsatira kabokosi kake kophwanyika pakona komweko. Azimayi akangonong'onezana ku saluni basi yatha. Ndi kuba ndithu, chifukwa mayi amene akanagula pa 900 wamulipiritsa 1300 pomupikisanitsa ndi mthunzi. Ngakhale eBay imaletsa zimenezi ndipo imatha kukutsekera akaunti. Ine abale anga enieni ndinawauza kuti akafuna chinthu andiuze ndisanachiike, chikangolowa pa okishoni iwo asaponye nawo, kuti pasakhale ndi poyambira pokayikira.

Kupambana okishoni si kulipira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo, ndipo pa ntchito iyi mwambiwu ndimaukumbuka sabata iliyonse. Munthu amatha kulimbana mpaka 1400 mtima uli mmwamba, mmawa kukacha akuti amuna anga sanalandire, kapena foni yangozima. Nde pamafunika malire, ine ndimapereka mpaka 12 koloko masana a tsiku lotsatira, ikadutsa ndimapita kwa wachiwiri uja ndipo amagula pa mtengo umene iye anatchula, osati wa wothawayo, komanso ali ndi ufulu wokana chifukwa mwina ndalama yake wagwiritsa kale ntchito ina. Wosalipira kawiri ndimamuchotsa mwaulemu. Munthu watsopano amene sindikumudziwa, pa katundu wodula, ndimamupempha kachikole kochepa asanayambe kuponya, akaluza ndimamubwezera tsiku lomwelo. Ngongole pa okishoni ayi, ngakhale akhale mayi a kumpingo, chifukwa amene akudziwa kuti salipira lero amakweza mopanda mantha nkupondereza amene wagwira ndalama mmanja.

Pa kalandiridwe ka ndalama ndiyankhule zomwe zinandionekera. Chaka changa choyamba munthu wina anapambana seti ya zophodera, nkunditumizira sikirinishoti yoonetsa kuti ndalama yalowa, pa foni panganso panabwera uthenga wooneka ndendende ngati uja umabwera ndalama ikalowa, akuti mnyamata wa njinga yamoto ali panjira mumupatse. Ndinapereka. Madzulo ndikupita kwa ejenti kuti nditape, mulibe kanthu, nditayang'anitsitsa uthenga uja unachokera pa nambala wamba ya munthu, anangokopera kalembedwe. Kuyambira tsiku limenelo sikirinishoti sindiiwerengera, ndimalowa ndekha pa *150# ngati ndi M-Pesa kapena *898# ngati ndi e-Mola ndione salido, ndalama zimene zili mu akaunti, ndi maso anga, katundu azituluka pambuyo. Wina akakuimbira kuti ndatumiza zambiri molakwitsa mundibwezere zapamwambazo, ndi msampha womwewo, onani salido kaye. Nenaninso poyera kuti ndalama yotumizira ndi yotapira alipira ndani, makamaka ngati akutumiza kuchokera pa netiweki ina kupita pa ina. Makasitomala a ku Dedza, ku Lizulu kapena a cha ku Biriwiri alipo ndipo ndi abwino, koma mitengo ikhale mu meticais, amene akufuna kupereka makwacha asinthe yekha, poti kwacha imasintha mphamvu, mu November 2023 inagwetsedwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, amene anali atalonjezana mitengo mu makwacha sabata imeneyo anadziwa kuwawa kwake.

Kenako katundu ayende. Kuno ku Angónia kumazizira, nde timaiwala kuti makasitomala ambiri a ndalama ali kumunsi ku chigwa cha Zambezi, kumene mwezi wa October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Kuchoka ku Ulongué kudzera pa Mussacama mpaka ku Moatize ndi ku Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo zodzoladzola sizigwirizana ndi kutentha. Lipisitiki ndi phula losakaniza ndi mafuta, ikatenthedwa imafewa, imatuluka timadontho ngati thukuta, kenako imapindika kapena kuthyokera mchivindikiro. Kirimu amalekana, madzi pamwamba mafuta pansi. Pefyumu ikakhalitsa padzuwa fungo limasintha. Ndinatumizapo kabokosi ka malipisitiki asanu ndi limodzi, kondakitala, amene kuno timati cobrador, anakaika kutsogolo pansi pa galasi kuti asakaiwale, dzuwa nkukawomba ulendo wonse, mayi wa ku Matundo atatsegula anapeza phala lofiira lokhalokha. Anandijambulira, ndinamubwezera ndalama yake yonse ndipo mpaka lero amagula kwa ine. Pano ndimatumiza pa chapa yoyamba ya mbandakucha, ndimakulunga mu nyuzipepala zingapo nkuika mkatoni, pakamwa pa botolo lililonse ndimamata tepu, ndimapempha kuti katoniyo ikhale pansi pa mpando kutali ndi injini, ndijambule nambala ya galimoto, nditenge nambala ya kondakitala nditumizire wolandirayo. Phawuda wouma uja amasweka ndi mabampu, muikireni thonje mkati musanatseke. Ndipo inu amene mukugulitsira ku Tete konko, katundu musamasunge pa windo kapena mchipinda cha malata opanda siling'i.

Za feki nazo. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, mabokosi a masiku ano amawakopera bwino moti pa chithunzi sungasiyanitse. Pa okishoni wogula sanunkhiza, sagwira, akudalira maso ako ndi pakamwa pako. Nde ine ndimajambula kavidiyo kosadula, ndikutembenuza botolo mbali zonse, ndionetse pulasitiki yomata kuti sinatsegulidwe, ndionetse nambala ya gulu lopangira, ija amalemba kuti lote kapena batch, kuti ya pa bokosi ndi ya pansi pa botolo zikufanana, ndionetse validade, tsiku lake lothera ntchito. Pa zodzola zambiri pamakhalanso kachithunzi ka kabotolo kotsegula chivindikiro kolembedwa 6M, 12M kapena 24M, kutanthauza miyezi imene chinthucho chimakhala bwino ukachitsegula, ambiri sakadziwa kameneka ndipo ndimakonda kuwafotokozera. Ngati chatsala miyezi itatu kuti chithe ntchito nenani, alipo amene agulabe pa mtengo wotsika akudziwa. Ngati pefyumu ndi yongofanizira ya dzina lotchuka nenani kuti ndi yofanizira, ili ndi anthu ake amene amaikonda, choipa ndi kuitcha orijino. Pa botolo pakalembedwa eau de parfum ndiye kuti mafuta a fungo ndi ochulukirapo kuposa eau de toilette, ndipo body mist ndi yopepuka kuposa zonsezi, siikhalitsa pathupi, nde osamulonjeza munthu kuti imugonera tsiku lonse.

Zogwiritsidwapo kale ntchito sizigulitsidwa, zodzola si kaunjika. Lipisitiki yoti yakhudza milomo ya wina, masikara yoti yalowa mmaso mwa wina, zimanyamula tizilombo, zilonda za pamilomo ndi matenda a maso zimayenda choncho, ndipo masikara ngakhale yako yomwe ikatsegulidwa siyenera kupitirira miyezi itatu kapena kuposerapo pang'ono. eBay nayo salola zodzola zogwiritsidwa kale ntchito. Faundeshoni ndi phawuda vuto lake ndi mtundu, foni imanama, makamaka usiku pa babu kapena ukaika fyuluta. Ndimajambula mmawa pakhomo pamthunzi, ndili ndi botolo limodzi loyesera la ine ndekha limene sindigulitsa, ndimapaka pa nsagwada panga ndi pa mng'ono wanga amene ndi woderapo kuposa ine, nditchule nambala ya mtunduwo, chifukwa munthu akapambana pa mtengo wokwera nkupeza kuti ikumuyeretsa ngati wadzola ufa sabweranso.

Tsopano nkhani imene imandipweteka mtima, mafuta oyeretsa khungu. Ndikudziwa kuti ndi amene ali ndi ndalama yachangu, ukangoika chithunzi cha kale ndi cha pano anthu amakwezerana ngati amisala, ndipo inibokosi yanga imadzaza ndi ofunsa. Ine sindigulitsa ndipo mtsikana uja ndinamupempha kuti asayambe. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Pali hydroquinone, amene ukamudzola nthawi yaitali, makamaka ndi dzuwa la kwathu kuno, khungu limayamba kuda zigamba zabuluwu mmasaya zovuta kuchotsa, madokotala amati ochronosis, ndipo South Africa inamuletsa mu zodzoladzola kuyambira 1990. Pali mercury, amene amalowa mthupi kudzera pakhungu nkuwononga impso ndi mitsempha, amafikanso kwa mwana amene ali mmimba ndi woyamwa, ngakhale ena a mnyumba ogwiritsa ntchito thaulo limodzi, nchifukwa chake maiko a mu pangano la Minamata anagwirizana mu 2023 kuti zodzola zonse zothira mercury zithe pofika 2025. Chachitatu ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid monga clobetasol, timachubu tija, amene ndi mankhwala a kuchipatala oyenera kulembedwa ndi dokotala kwa masiku owerengeka, koma anthu amafinyira mu loshoni nkumadzola thupi lonse chaka chathunthu, mapeto ake khungu limapyapyala mitsempha kumaonekera, mizere yotambasuka mmikono ndi mntchafu, ziphuphu, zipere, chilonda osapola msanga. Choopsa kwambiri ndi zija amasakaniza okha nkuthira mmabotolo opanda chizindikiro, palibe amene akudziwa zomwe zilimo ngakhale wogulitsayo. Ndipo okishoni imaipitsiratu nkhaniyi chifukwa ndi malonda a liwiro, munthu alibe nthawi yowerenga kapena kufunsa, akungoona mphindi zikutha. Ndili ndi mnzanga amene tinakulira limodzi, pano satuluka masana opanda phawuda wokhuthala chifukwa cha zigamba za mmasaya, ndipo amene anamugulitsa anasintha nambala kalekale. Ngati mukudzola kale zoterezi pitani kuchipatala akuthandizeni kusiya bwinobwino, poti za steroid zija ukasiya mwadzidzidzi khungu limalusa. Wofuna khungu losalala ndimamupatsa mafuta ofewetsa abwino ndi oteteza ku dzuwa, ndipo ndimawakumbutsa kuti azimayi a ku Nampula ndi ku Ilha de Moçambique akhala akusamala nkhope ndi mussiro, phala loyera lochokera ku mtengo, kuyambira makolo awo osasintha mtundu umene anabadwa nawo.

Za boma ndingodutsamo mwachidule. Kugulitsira pa foni sikukuchotsa pansi pa lamulo. Katundu wochuluka wolowa pa Calómuè, pa Zóbuè kapena pa Cuchamano ndi wofunika kuonetsa kwa a Alfândega, a msonkho wa pa malire, ndipo kuzembetsa mnjira zachidule tsiku lina umataya mpamba wonse. Khalani ndi NUIT, nambala yanu ya msonkho, sungani malisiti a komwe mwapikula, a boma amayendera malonda ndipo katundu wotha ntchito kapena wachinyengo amalanda. Malisitiwo amathandizanso kasitomala akakayikira, umangomuonetsa.

Nyengo nayo muziiwerenga. Ku Moatize ndi ku Tete ndalama imayenda kumapeto kwa mwezi anthu a ku migodi ya malasha ndi a boma akalandira, kuno ku Angónia ndi ku Tsangano imayenda anthu akagulitsa fodya, soya ndi mbatatesi. Sabata ziwiri zisanafike 7 April, tsiku la amayi a mu Mozambique limene timakumbukira Josina Machel, ndiye pachimake, magulu a azimayi asoketsa kapulana, chitenje chija, yofanana ndipo aliyense akufuna lipisitiki yogwirizana nayo. December ndi nyengo ya maukwati zimayendanso. January musadzivutitse, ndalama zonse zili ku feteleza ndi ku zofunika za sukulu, ine mwezi umenewo okishoni ndimaimika kumene kusiyana ndi kuzolowetsa anthu mitengo yogwa. Ndipo sungani nambala za makasitomala anu mu kope, osadalira gulupu yokha, tonse tikukumbuka kumapeto kwa 2024 intaneti ya pa foni itamadulidwa ndipo WhatsApp ndi Facebook zikuvuta kutsegula, amene anali ndi manambala ankangoimba malonda nkumapitirira pang'onopang'ono.

Chomaliza chimene ena amadabwa nacho, ine ndimawaletsa makasitomala anga kukweza mopitirira. Okishoni ili ndi kachizungulire kake, ukaona mnzako wakudumpha mtima umatentha, sukufunanso pefyumu koma ukufuna kupambana, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu wotero akapambana amasangalala usiku umodzi, mmawa akamva kuti chomwecho chikupezeka pa mtengo wotsika ku Tete amadana ndi iwe wogulitsa osati iye mwini. Nde ndikaona mtengo wadutsa patali pa umene ndikudziwa kuti ndi woyenera ndimalemba pagulu kuti amayi, iyi ndibweretsanso ina mwezi wamawa, musapwetekane. Ndimataya mwina 200 tsiku limenelo, koma awiri onsewo Lachisanu lotsatira amakhala alipo.

Mtsikana uja anabweranso dzulo ndi kope lake, walemba malamulo asanu ndi awiri tsamba loyamba, tsamba lachiwiri masamu a katundu wake, ali ndi zinthu zitatu zokha, pefyumu imodzi, seti ya mabulashi ndi kathumba ka kyuteksi mitundu inayi. Gulupu yake ili ndi anthu 41, ambiri ndi a kwaya ndi anzake a ku sekondale. Tinakonza limodzi mtengo woyambira wa mabulashi chifukwa anaiwala kuwerengera ndalama ya njinga yamoto yokasiyira ku siteji, ndipo ndinamubwereka katoni ndi tepu. Akuti ayamba Loweruka 6 koloko madzulo kutseka 8, wandipempha kuti ndikhale nawo pa gulupu ndizingoona, ndavomera, koma ndamuuza kuti sindiponya mtengo.